Likodzo limayambira pomwe takodza

Ku Mua dzuwa likaswa mtengo, mukangoweruka kusukulu mtima umakhala kumadzi basi. Koma madzi odekha, ngati a m'madambo ndi m'minda ya mpunga ku Bwanje, nkhono zimawakonda zedi. Wodwala likodzo akakodza m'menemo, mazira amaswa, tizilombo n'kulowa mu nkhono, n'kuchulukana. Tikatulukamo timaboola khungu la aliyense woponda madziwo, ngakhale alibe bala.

Ndiye mutani? Zolowerani kukodza kuchimbudzi musanapite kumadzi. Madzi osamba otunga kudambo muziwasunga maola 48, tizilomboto timafa tokha. Ndipo magazi mumkodzo si chizindikiro choti mnyamata wakula ayi. Mukawaona, pitani ku chipatala cha Mua kapena china chapafupi. Mankhwala alipo, dzina lake praziquantel.