Nyumba Yakale Isataye Nkhope Yake

Ku Chilenje, mumzinda wa Lusaka, kuli nyumba yaing'ono ya nambala 394 m'mene a Kenneth Kaunda ndi banja lao anakhalamo kuyambira mu Januwale 1960 kufikira mu Disembala 1962, nthawi imene nkhondo ya ufulu inali pacimake. Tsopano nyumbayo ndi cikumbutso ca dziko lonse. Amene anaikonza anaibwezera monga momwe inalili mu 1962, ndi mipando ndi ziwiya za banjalo. Mlendo akalowamo amaona ndi maso ake kucepa kwa zipinda zimene munthu wakuda anali kuloledwa kukhalamo m'tauni masiku a atsamunda. Akadaikamo matailosi onyezimira, umboni umenewu ukadafafanizika.

Nkhaniyi ikukhudza mabanja ambiri. Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za kanselo kwa anthu amene anali kukhalamo, ndipo ku Chilenje, Matero ndi Kabwata eni ace atsopanowo anayamba kugumula ndi kuwonjezera. Palibe wowadzudzula, pakuti ana anali ambiri ndipo malo ogona anali ocepa. Komabe zitseko zolimba ndi mipando ya mlombwa zambiri zinathera pa moto, m'malo mwake munalowa matabwa a fakitale amene amafufuma akangokhudza madzi.

Wofuna kukongoletsa nyumba yotere ayambire kudenga, cifukwa makatani okongola sathandiza pamene madzi akudontha. Ngati denga ndi la asibesitosi, asalidule kapena kuliboola mwacisawawa: fumbi lake limawononga mapapo, ndipo matenda ake amaonekera patapita zaka zambiri. Penti wakale wa pazitseko nayenso akhoza kukhala ndi mtovu, conco pomupala anyowetse poyamba, ndipo ana asakhale pafupi.

Makoma ndiwo afuna nzeru koposa. Njerwa zakale zimamwa cinyezi m'dzinja ndi kuciturutsa m'cilimwe. Laimu amene makolo athu anali kupaka amalola khoma kupuma motero. Penti wa mafuta amatsekera cinyezico mkati; sipapita nthawi, khoma limatupa, pentiyo n'kuyamba kusupuka, ndipo cipinda cimanunkha nkhungu. Laimu ndi wochipa, ngakhale kuti amafuna kupakanso kawirikawiri ndipo amasiya zoyera pa malaya a wotsamira khoma.

Pansi pa simenti wofiira, pamene amayi anagwada zaka makumi atatu akupaka polishi, ndikuona kuti m'posayenera kukwirira. Ming'alu imamatika, ndipo mphasa kapena mkeka umakhala bwino pamenepo kuposa kapeti wosunga fumbi. Kabati yagalasi ya agogo, ngati ciswe sicinaidye, ingofuna kupukutidwa ndi mafuta a matabwa.

Zatsopano zilowe ndithu, magetsi, mipope ya madzi ndi firiji, koma mawaya adutse m'ngodya ndiponso mmisiri asaswe khoma popanda cifukwa. Musanacotse kanthu kalikonse, jambulani cipinda ciliconse pa foni, ndipo citseko cimene mwazula mucisunge pouma. Ngati nyumba yanu inalembedwa m'gulu la zikumbutso za dziko, lamulo la 1989 lifuna kuti mupemphe cilolezo ku National Heritage Conservation Commission musanayambe nchito.