Banki yabwino ndi imene ingakupatseni ndalama zanu pakati pa usiku

Amayi anzanga, nyengo yokolola ikafika kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndalama zimayenda. Soya wagulitsidwa, mtedza wapita ndi mavenda, fodya wakwera lole kupita ku Kanengo. Ndi nthawi yomweyinso pamene ogwira ntchito m'mabanki amafika pamisika ngati ya Mponela ndi Madisi, mafomu ali m'manja, aliyense akutamanda banki yake. Inu mungasankhe bwanji?

Ine ndine mzamba, ndipo ndimaphunzitsa anamwino. Za mabanki ndikuzilemba chifukwa ndalama ndi uchembere zimakumana pakhomo la chipatala tsiku ndi tsiku. Ophunzira athu timawauza za kuchedwa kutatu kumene kumapha amayi oyembekezera: kuchedwa kuganiza zonyamuka, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo atafika. Kuchedwa kuwiri koyambako kawirikawiri gwero lake ndi ndalama. Mayi amene akutaya magazi atangobereka angathe kumwalira pasanathe maola awiri. Ngakhale kumene thandizo la uchembere ndi laulere, wa kabaza safuna pemphero, amafuna ndalama ya mafuta. Mabanja ambiri amene amachedwa si kuti alibe kalikonse. Ndalama ilipo, koma ili m'buku la bambo amene ali kutali, kapena ili ku banki imene itsegule Lolemba.

Choncho muyeso wanga ndi uwu: matenda atayamba Loweruka usiku, mu Febuluwale, mvula ikugwa, kodi ndalama yanu mungaifikire? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Yambani ndi mtunda

Nthambi za mabanki zimapezeka m'matauni ndi m'maboma. Ngati mumakhala cha ku Nambuma, ku Mpherere kapena kuseri kwa phiri la Ntchisi, ulendo wopita ku nthambi ndi ndalama kale, ndiponso ndi tsiku lathunthu losiya munda. N'chifukwa chake funso loyamba si lakuti banki yayikulu ndi iti, koma lakuti ndi banki iti ili ndi ejenti pamsika wanu. NBS Bank ili ndi maejenti otchedwa Bank Pafupi, FDH Bank ili ndi a Banki Pakhomo, ndipo mabanki enanso ali ndi awo. Awa ndi eni magolosale amene amakulandirani ndalama kapena kukupatsani m'malo mwa banki.

Musakhutire ndi chikwangwani chokha. Pitani tsiku wamba, osati la msika, mukafunse ngati ejentiyo amakhala ndi ndalama zokwanira, nthawi imene amatseka, komanso ngati amatsegula Lamulungu. Funsaninso amayi anzanu amene amatapa pamenepo kuti ndi kangati anabwezedwa chifukwa choti ndalama zatha kapena netiweki yavuta.

Banki ilumikizane ndi foni yanu

Usiku ejenti amakhala atagona, koma foni ili m'manja mwanu. Mabanki ambiri tsopano amalola kusamutsa ndalama kuchoka ku akaunti kupita ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, ngakhale pa kafoni kamabatani kopanda intaneti. Mwachitsanzo, a National Bank amagwiritsa ntchito *626#. A kabaza ndi a galimoto ambiri amalandira malipiro a pafoni. Tsiku lotsegula akaunti, musatuluke asanakulumikizireni foni yanu, ndipo akuonetseni mmene mungachitire.

Mukafika kunyumba yesani ndi kandalama kochepa, muli pakhonde panu. M'mapiri athu muno netiweki imasankha malo: kampani ina imagwira pamtunda, kudambo n'kusowa. Ndi bwino kudziwa zimenezi masana muli bwinobwino kusiyana ndi kuzizindikira matenda atayamba.

Funsani zimene amadula

Pali mitundu iwiri ya akaunti imene mudzamve. Ina ndi ya amalonda ndi mabungwe amene amalipira ndi kulandira ndalama pafupipafupi, ndipo ena amalemba macheke. Imeneyi kawirikawiri imadulidwa ndalama mwezi uliwonse. Ina ndi yosungira, imene imapatsa kachiwongoladzanja pang'ono. Kwa mayi wa pamudzi amene amapeza ndalama nthawi yokolola ndi pa kageni kake, yosungira, makamaka ija yosavuta kutsegula ndi chitupa cha unzika, ndiyo imakhala yoyenera.

Musanasaine, pemphani pepala la mitengo yawo ndipo mufunse izi: Kodi mumadula zingati pamwezi ngakhale ndisanatape? Kutapa kwa ejenti ndi zingati, nanga pa makina a ATM, nanga pa makina a banki ina? Kutumiza ku foni ndi zingati? Khadi ndi zingati, ndipo likatayika? Ndi ndalama zingati zimene ziyenera kutsalamo nthawi zonse? Ndikakhala miyezi yambiri osaigwiritsa ntchito, chimachitika n'chiyani?

Funso lomalizali ndi lofunika kwa ife alimi. Timaika ndalama mu Juni, kenaka akaunti imangokhala. Ena akabwerera chaka chamawa amapeza kuti yatsekedwa kaye, kapena yadyeka ndi zodula za mwezi ndi mwezi. Tiyerekeze kuti banki ina imadula K1,500 pamwezi. Pachaka ndi K18,000, ndalama imene yapita inu musanagule nayo ngakhale mchere. Werengani chonchi pa banki iliyonse, muphatikize ndi mtengo wa ulendo wokafikako. Safunsa anadya phula.

Musayembekezere kulemera ndi chiwongoladzanja. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo nonse munaona mmene mitengo ya feteleza ndi sopo inakwerera. Ntchito ya akauntiyi ndi kuteteza ndalama ku moto, akuba, chiswe ndi opempha, komanso kuti ipezeke tsiku la ngozi. Banki m'khonde ndi yabwino pochulukitsa ndalama, ndipo ndikukulimbikitsani kupitiriza. Koma kumbukirani kuti ndalama za gulu zimakhala zili kwa obwereka, ndipo bokosi limatsegulidwa tsiku la msonkhano lokha. Mwana sadikira tsiku la msonkhano. Amene alibe pena potapa amathera kwa akatapila.

Ikhale m'dzina lanu

Ndalama za fodya zimalowa mu akaunti ya amene analembetsa, nthawi zambiri bambo kapena kalabu. Mayi amene anafesa nazale, kuthyola ndi kusoka fodyayo saiona. Kukhala ndi akaunti yanu si kupandukira banja. Kambiranani ndi amuna anu kuti pa zokolola zilizonse pakhale gawo la chipatala, ndipo likhale pamene inu mungalifikire iwo kulibe. Ngati mukufuna akaunti ya anthu awiri, funsani ngati mmodzi angatape yekha, chifukwa yofuna kuti nonse musaine siithandiza wina akakhala paulendo.

Kwa amene muli oyembekezera, kapena mukusamala mwana wanu kapena mpongozi woyembekezera, chitani izi mwezi wachisanu ndi chitatu usanathe. Samutsirani ku foni ndalama ya ulendo, ndipo ina pang'ono ikhale m'manja. Panganani mtengo ndi wa kabaza wodalirika ndi kusunga nambala yake. Werengerani chakudya cha kuchidikiro, chanu ndi cha wokudikirirani. Werengeraninso kuti mwina kuchokera ku Madisi, ku Mtengowanthenga kapena ku chipatala cha boma ku Ntchisi angakutumizeni ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene wodikirira adzafunika ndalama ya masiku angapo.

Nambala yachinsinsi musailembe pakhadi kapena m'buku la kusikelo, ndipo isakhale chaka chanu chobadwa. Pa fomu pamakhala malo olemba wachibale woti adziwitsidwe. Lembani munthu amene mumamukhulupirira, ndipo ana anu akuluakulu adziwe kuti akauntiyo ilipo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu. Koma ndalama imene palibe akuidziwa, palibenso angaifunse.

Nanga chitetezo?

Sungani ndalama ku banki kapena SACCO yovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi. Kuyambira 2023 kuli bungwe la Deposit Insurance Corporation, limene limabwezera osunga ndalama ngati banki itagwa, ndipo linayamba ndi malire a K3 miliyoni pa munthu aliyense pa banki iliyonse. Munthu wobwera ndi lonjezo loti ndalama yanu ichuluka kawiri pamwezi umodzi alibe chitetezo chotere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ambiri mwamva za Centenary Bank, imene kale inali MyBucks, ndipo Arkidayosizi ya Lilongwe ili ndi gawo la umwini wake. Ndi chinthu chonyaditsa kwa ife Akatolika. Komabe ifunseni mafunso omwewa amene mungafunse Standard Bank, First Capital Bank kapena ina iliyonse: ejenti ali pati, mumadula zingati, foni mulumikiza? Banki yochita bwino siopa mafunso.

Chenjeraninso ndi akuba a pafoni. Wina amaimba kuti ndi wa ku banki, akuti akaunti yanu itsekedwa mukapanda kutchula nambala yachinsinsi. Wina amatumiza uthenga woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Wa ku banki weniweni safunsa nambala yanu yachinsinsi. Dulani foniyo, mukafunse nokha ku nthambi.

Thumba la bungwe lathu

Ndalama za bungwe la amayi zisagone m'nyumba ya msungichuma, ndipo zisalowe mu akaunti yake kapena mufoni yake. Si kumukayikira ayi, ndi kumuteteza ku mayesero ndi miseche. Tsegulani akaunti m'dzina la bungwe, osainira akhale atatu, awiri azisaina potapa. Uthenga wa pafoni wosonyeza kuti ndalama yatuluka uzipita kwa wapampando kapena mlembi, ndipo chikalata cha ku banki chiziwerengedwa pamsonkhano. Popeza kutapa kotere kumatenga nthawi, gwirizanani za kathumba kochepa ka ngozi kosungidwa pafupi, kolembedwa bwino, koti mayi aliyense wa mumphakati wanu angabwereke usiku kuti afike kuchipatala.

Msonkhano wanu wotsatira usanafike, tumani amayi awiri akayendere mabanki ndi maejenti amene ali pafupi nanu, atatenga mafunso ali pamwambawa. Abwere ndi mayankho olembedwa, muwawerenge pamodzi, aliyense asankhe akudziwa. Chitani zimenezi ndalama za zokolola zisanathe komanso mvula isanadule misewu.