Mizere iwiri pa fupa la mng'ono wanga

Anzanga, ambiri mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinajombera Lachiwiri lija. Ndinali kuchipatala cha ku boma ndi mng'ono wanga wa zaka 9. Anagwa mumtengo wa mango Lamlungu, ndipo pogwapo anatsamira dzanja lamanja. Pofika madzulo, pamene timavala wotchi paja panali patatupa ngati mandasi. Agogo anati wangobinya, amuthowe ndi madzi otentha basi. Anamuthowa masiku awiri, koma mwana osagona, kumangolira. Ndiye mayi anati ine ndimukweze pa njinga mpaka pa siteji, tikakwere minibasi.

Kuchipatala anatitumiza ku X-ray kuti akamujambule. Amene anatilandira anali achemwali ena ake amene akuphunzira ntchito yojambula mafupa, ndipo panali wamkulu wowayang'anira. Chithunzi chitatuluka ndinasuzumira, ndinaona mizere iwiri yakuda yodutsa pa fupa. Mtima unagunda. Ndinati, "Mayi, wathyoka pawiri!" Achemwali aja anaseka n'kunena kuti, "Iwe uli Fomu chani? Bwera ndikuonetse." Zimene anandionetsa, kuphatikiza zimene ndafunsa aphunzitsi athu a Biology, ndi zimene ndalemba panozi.

X-ray ndi mtundu wa kuwala kumene maso athu sangakuone. Anakutulukira ndi wasayansi wa ku Germany dzina lake Wilhelm Röntgen, mu Novembala 1895, mumzinda wa Würzburg. Poti sankadziwa kuti n'chiyani, anangokutchula X, monga timachitira pa masamu ndi nambala yosadziwika. Chithunzi chake chotchuka ndi cha dzanja la mkazi wake, pomwe pakuoneka mafupa a zala ndi mphete. Mu 1901 analandira mphotho ya Nobel.

Kuwala kumeneku kumalowa m'thupi n'kutulukira mbali inayo. Mnofu sukutchinga kwambiri, ndiye pa chithunzi umaoneka wotuwa. Mpweya sutchinga n'komwe, umaoneka wakuda bii. Fupa lili ndi calcium wambiri, limatchinga, n'chifukwa chake limaoneka loyera. Chitsulo chimayera mbee kuposa fupa, ndiye amakuuza kuti uvule mphete kapena chibangiri usanajambulidwe. Chithunzi cha X-ray ndi mthunzi wa mafupa basi. Fupa likathyoka, kuwala kumadutsa pa mpata paja, ndipo pamaoneka mzere wakuda.

Koma kuti udziwe kuti fupa lalakwika, uyenera kuyamba wadziwa mmene limaonekera likakhala bwino. Achemwali aja anati kusukulu kwawo amayamba n'kuloweza mafupa, lililonse dzina lake ndi malo ake. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Gwirani mkono wanu pamene mukuwerengamu. Kuchokera pa phewa kufika pa chigongono pali fupa limodzi, humerus. Kuchokera pa chigongono kutsika pali awiri: radius ali mbali ya chala chachikulu, ulna ali mbali ya kachala kakang'ono. Dzanja lokha lili ndi mafupa 27: ang'onoang'ono 8 pamene dzanja lalumikizana ndi mkono, 5 m'chikhatho, 14 m'zala. Mwendo nawo unapangidwa chimodzimodzi. M'ntchafu muli femur, fupa lalitali kuposa onse m'thupi. Pa bondo pali kafupa kozungulira, patella. Kumunsi kuli awiri: tibia, amene ali pa msongolo pomwe pamawawa akakuchita faulo pa mpira, ndi mnzake wowonda, fibula. Phazi lili ndi mafupa 26.

Tsopano za mizere iwiri ija. Mzere woyamba unali kumapeto kwenikweni kwa radius, wosalala bwino, wodutsa fupa lonse chopingasa. Umenewo, eti, sikuthyoka ayi. Ndi malo amene fupa la mwana limakulira. Pamenepo padakali chichereŵechereŵe, sipanaume n'kukhala fupa, ndiye kuwala kumadutsa. Mwana aliyense ali nayo mizere yotereyi pafupi ndi mapeto a mafupa ataliatali. Imatsekeka munthu akamamaliza kukula, atsikana msanga kuposa anyamata. Ambiri a ife a Fomu 2 tikanali nayo.

Mzere wachiwiri unali chakumtunda pang'ono. Unali wokhotakhota, unayambira m'mphepete mwa fupa koma sunafike mbali inayo, ndipo fupalo linali litapindika pang'ono. Kumeneko ndiye kunali kuthyoka. Mafupa a ana ndi ofewa, amathyoka ngati nthambi yaiwisi: mbali imodzi imang'aluka, inayo imangopindika. Nkhuni youma ndiyo imaduka thyo, ngati fupa la agogo.

Ndinaona kuti powerenga chithunzi sathamangira pamene patupa. Amayamba aona ngati dzina lolembedwapo ndi la wodwalayo. Kenako amaona chilembo cha pakona, R kutanthauza kumanja, L kumanzere, kuopa kumanga mkono wabwinobwino. Akatero amatsata m'mphepete mwa fupa lililonse, ngati mmene timatsatira malire a dziko pa mapu, kufuna pamene mzere woyera waduka kapena wapanga kachitunda. Amaonanso ngati mafupa akumana bwino m'malo olumikizirana. Komanso sajambula kamodzi. Mng'ono wanga anamujambula kawiri, chakutsogolo ndi cham'mbali, chifukwa kuthyoka kwina kumabisala mbali imodzi n'kuonekera mbali ina. Kupindika kwa fupa lake kunaoneka bwino pa chithunzi cham'mbalicho.

Mwina mukufunsa ngati kuwalaku sikuvulaza. Pojambula mkono kamodzi kapena kawiri kumakhala kochepa kwambiri. Koma kukachuluka kumaononga thupi, n'chifukwa chake ojambula amaima kuseri kwa chotchinga, ndipo mayi, amene anatsala m'chipindamo kuti agwire mwana, anawaveka chovala cholemera cha mtovu. Ine ananditulutsa panja. Mayi woyembekezera ayenera kunena asanalowe.

Adokotala a mafupa ataona zithunzizo anawongola mkono n'kuumanga chikhakha, ndipo anatipatsa tsiku loti tikabwerenso. Anatiuza kuti fupa lothyoka likamasisitidwa kapena kukokedwa kunyumba likhoza kupola chokhota. Sindikunyoza agogo, iwo ankafuna kuthandiza mdzukulu wawo. Kungoti kubinya ndi kuthyoka zimafanana kunja, maso sangasiyanitse. Choncho mnzathu akagwa pa bwalo la mpira kapena la ntchembere mbaye, n'kutupa, n'kumalephera kugwira chinthu kapena kuponda pansi, tisamukoke ngati mmene timachitira muja. Timangirire mkono kapena mwendowo ku kathabwa kuti usagwedezeke, tiuze aphunzitsi, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndinawafunsa achemwali aja kuti ntchito imeneyi amaphunzira kuti. Anati ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo pamafunika kukhoza bwino MSCE, makamaka sayansi ndi masamu. Anandiuzanso kuti iwo anaphunzira pa CDSS ngati yathu yomweyi, ankapalasa njinga m'mawa uliwonse. Ine Physics ndinkaiona ngati chilango, koma kuyambira sabata yatha ndasamukira pa desiki ya kutsogolo.

Mng'ono wanga ali bwino, akudya nsima ndi dzanja lamanzere. Chithunzi chija mayi andilola kubwera nacho Lachisanu. Amene akufuna kuona mizere iwiriyo andipeze pa nthawi ya buleki, tidzachikweza pa windo la Fomu 2, muyese kundiuza kuti mzere wa kuthyoka ndi uti.