Calici Cikadzaza: Kupemphera Kawiri Kapena Kumanga Cina?

Pa Sondo m'mawa, m'macalici ambiri a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, amene afika mocedwa amamvera ulaliki ali panja, ena pa mazenera, ena pansi pa mtengo wa mango. M'cilimwe palibe odandaula. Bvuto limaoneka mvula ikayamba, ndipo pamenepo akulu a mpingo amafunsana ngati nkoyenera kuonjezera mapemphero aciwiri.

Kucuruka kwa anthu nkosadabwitsa. Kalembera wa 2010 anapeza anthu 13 miliyoni m'Zambia, pamene wa 2022 anapeza opitirira 19 miliyoni. Ndiponso Sinda ndi Vubwi atasanduka maboma mu 2012, kunabwera anchito a Boma ndi mabanja ao, ena osadziwa Cicewa kapena Cinsenga. Cifukwa cace pa boma nkhani imakhala ya cinenero: mapemphero a Cizungu m'mamawa, a Cinyanja dzuwa litakwera.

Kumidzi zinthu nzosiyana. Mpingo wa Reformed Church in Zambia, umene unayambira pa Magwero mu 1899 ndi kufika pa Nyanje mu 1905, unakula mwa kutsegula tinyumba ta mapemphero m'midzi. Mbusa mmodzi amayang'anira malo ambiri, ndipo akulu a mpingo ndiwo amalalikira iye akakhala kwina. Koma ubatizo ndi Mgonero zimayembekezera mbusa. Tsono mapemphero aciwiri pa likulu la mpingo atanthauza kuti mbusa yemweyo, amene akanapalasa njinga kupita ku mudzi wakutali masana, amangika pa malo amodzi. Opindula ndi okhala pafupi. Otaya ndi aja a kutali, amenenso sapezeka kawirikawiri pa msonkhano wogamula nkhaniyi.

Akatolika ali ndi malire olembedwa. Lamulo la Eklezia la mu 1983 limati ansembe akacepa, bishopu angalole wansembe kucita Misa kawiri pa tsiku, ndipo katatu pa Sondo. Kupitirira apo ai. Ku maparishi monga Chassa ndi Vubwi, mu Dayosizi ya Chipata, Misa yoonjezera pa parishi iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi ulendo wa ku masiteshoni, kumene akatekisti amatsogolera mapemphero kufikira wansembe atabwera.

Ofuna mapemphero awiri ali ndi mfundo yolimba, ndiyo ndalama. Malata ndi simenti zimadya ndalama zambiri, ndipo copereka ca alimi cimalemera kamodzi kokha pa caka, akagulitsa thonje, nsawawa ndi cimanga. Kupemphera kawiri sikufuna njerwa ngakhale imodzi. Anamwino a ku St Francis' Hospital ku Katete ndi a ku cipatala ca Nyanje, amene amagwira nchito mosinthana, nawonso amapeza mpata. Mipingo yambiri inayesapo kale njirayi mu 2020, pamene Boma linacepetsa ciwerengero ca anthu pa misonkhano cifukwa ca Covid-19.

Komabe akulu-akulu saopa pacabe. Mapemphero akagawika, anthu amagawikanso: acinyamata ndi ophunzira m'mawa, okalamba masana. Kwaya imodzi siingayimbe kawiri Sondo iliyonse osatopa, ndipo maliro olengezedwa m'mawa a masana angawamve atapita kale. A Reformed sanaiwale mkangano wa kapembedzedwe umene unacititsa kuti ena apatuke ndi kuyambitsa Bible Gospel Church in Africa mu 2001. Mwa ici, mau akuti "mapemphero a acinyamata" amalandiridwa mosamala kwambiri.

Njira yacitatu ndiyo imene makolo anatsata: kupatula cigawo cimene cakula kuti cikhale mpingo paokha. Imeneyi imafupikitsa ulendo wa okalamba, koma imafuna nyumba ya mbusa ndi malipiro ace mwezi ndi mwezi, ndipo cigawo cimene sicingakwanitse zimenezi cimayenera kuyembekezera.