Chigumula cha m'Chigwa cha Shire chimayambira kunyanja zakutali

Mtsinje wa Ruo ukasefukira n'kumiza minda ya ku Makhanga, anthu ambiri amaloza mitambo ya kuphiri la Mulanje. Salakwa ayi, koma gwero lenileni la mvula yotere limakhala kutali zedi, ndipo zizindikiro zake zimaoneka miyezi ingapo dzinja lisanafike. Kumvetsa zimenezi kungapulumutse miyoyo ndi chuma cha anthu a m'boma la Nsanje.

Nkhaniyi imayambira panyanja yamchere ya Pacific, pakati pa Peru ndi Indonesia. Kawirikawiri mphepo ya kumeneko imaomba kuchokera kum'mawa, n'kumakankhira madzi ofunda cha ku Indonesia ndi Australia. Zaka zina mphepoyi imafooka ndipo madzi a kufupi ndi Peru amatentha kuposa nthawi zonse. Asodzi a ku Peru ndiwo anatcha zimenezi El Niño. Zaka zina mphepo imakula mphamvu ndipo madzi omwewo amazizira. Apa akatswiri amati La Niña. El Niño amabwera pakatha zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri.

Pamene nyanja yatentha, nthunzi imakwera n'kupanga mitambo, ndipo mpweya umene wakwerawo umakatsikira kwina uli wouma. Choncho madzi ofunda a Pacific akasuntha, malo a mvula ndi malo a ng'amba amasunthanso m'maiko ambiri. Kuchigawo cha kum'mwera kwa Malawi, El Niño amakonda kuchepetsa mvula, monga zinachitikira mu dzinja la 2015/16 ndi la 2023/24. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha chilala. La Niña amakonda kubweretsa mvula yochuluka, nthaka n'kukhuta msanga, mitsinje n'kudzaza.

Gwero lachiwiri ndi nyanja ya India, kumene kumabadwira anamondwe. Namondwe amafuna madzi otentha madigiri 26 kapena kuposerapo kuti akule. Ana, amene anaononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, anadza m'nyengo ya La Niña. Freddy anabadwira pakati pa Australia ndi Indonesia kumayambiriro a Febuluwale 2023, nadutsa nyanja yonse ya India, ndipo anakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'kaundula. Atalowa kumtunda pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi, anakhuthula mvula kwa masiku angapo pamapiri a Mulanje, Thyolo ndi Blantyre. Anthu oposa 600 anafa m'dziko muno.

Madzi ambiri a m'mapiri amenewa amatsikira m'chigwa. Ruo amakumana ndi Shire pa Chiromo, ndipo mitsinje yonse iwiri ikadzaza, madzi amabwerera n'kufalikira m'midzi. N'chifukwa chake mudzi ungamire ngakhale pamalopo pasanagwe mvula yambiri.

Komabe La Niña sindiye yekha wobweretsa chigumula. Madzi a mu Januwale 2015, amene anasamutsa mabanja ochuluka m'boma lino, anasefukira popanda La Niña. Nyanja zakutali zimangokulitsa kapena kuchepetsa mpata woti ngozi ichitike. Chaka cha El Niño nacho chingathe kugwetsa mvula yamkuntho ya masiku ochepa pakati pa ng'amba.

Ubwino wake ngwakuti kutentha kwa nyanja kumayezedwa tsiku ndi tsiku. Akatswiri a zanyengo a maiko a SADC amakumana dzinja lisanayambe, kenaka nthambi ya boma yoona za nyengo imalengeza momwe mvula ikuyembekezeka kugwera m'boma lililonse. Uthengawu umafika m'mawodi kudzera pawailesi, kwa alangizi a zaulimi ndi kumakomiti a m'midzi oteteza anthu kungozi zogwa mwadzidzidzi.

Ukamveka uthenga wa mvula yochuluka, nthawi yokonzeka ndi Okutobala, osati Januwale. Ndiyo nthawi yogwirizana malo okwera othawirako, kukonza ngalande ndi migula, kusunga mbewu, ziphaso ndi makadi a kuchipatala pouma, ndiponso kudziwa okalamba ndi olumala amene adzafunike kunyamulidwa. Chenjezo la namondwe likaperekedwa, banja lisamuke madzi asanafike pakhomo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa: pamene anadutsa mu 2015 ndi mu 2023 adzadutsanso.