Gemu ya masitima okhotakhota idandiphunzitsa kumanga molingana ndi thumba

Usiku wina chaka chatha, magetsi atazima ndipo batire ya laputopu itatsala pang'ono kutha, ndidakhala pamkeka n'kumaonerera tianthu ta pakompyuta tikukana chinthu chomwe ndidachivutikira kwa maola atatu. Kamunthu kalikonse kankafika pakhomo, kuyang'ana m'mwamba, n'kubwerera. Ndikadina pa kamodzi kuti ndione zomwe kakuganiza, yankho linkakhala lomwelomwelo: chinthuchi n'choopsa, sindingakwere.

Chomwe ndidamangacho chidali roller coaster, kasitima kaja kothamanga pa njanji yokwera, yotsika ndi yokhotakhota komwe anthu amakwera m'malo a zisangalalo kunja kuno. Ine sindidakwereko yeniyeni chibadwire. Yanga idali ya mu gemu yotchedwa RollerCoaster Tycoon, yomwe mnzanga wa ku koleji adandisonyeza titangomaliza maphunziro, nthawi ija tonse tinkangoponya makalata ofunsira ntchito osayankhidwa.

Gemuyi ndi yakale ndithu. Idatuluka mu 1999, ndipo adailemba ndi Chris Sawyer wa ku Scotland, pafupifupi yekhayekha, m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa assembly chomwe akatswiri ambiri amachithawa chifukwa cha kuvuta kwake. Zithunzi adajambula ndi Simon Foster. Yachiwiri idabwera mu 2002, ndipo kuyambira 2014 anthu ongodzipereka akhala akuikonzanso pansi pa dzina la OpenRCT2 kuti izigwira pa makompyuta a lero. Ubwino wake kwa ife a malaputopu otopa ndi woti siifuna makina amphamvu, ndipo ukaiika siidyanso bandulo.

Ntchito yako mu gemuyi ndi kuyendetsa paki ya zisangalalo. Gawo loyamba, Forest Frontiers, amakupatsa nkhalango, ndalama zokwana mapaundi 10,000 zomwe ndi ngongole ya kubanki, ndi lamulo loti pofika kumapeto kwa Okotobala wa chaka choyamba ukhale ndi alendo 250 komanso mbiri ya paki yako isatsike pansi pa 600. Chaka cha mu gemu chimayamba Malichi n'kutha Okotobala. Nthawi ndi yochepa, ndalama nazo n'zochepa.

Ine nditangoona ndalamazo, mutu udazungulira. Ndidasankha roller coaster ya matabwa, n'kuikweza mpaka pomwe gemu idandikaniza, kenako n'kuigwetsa chamutu kukalowa pokhota pakuthwa. Pomaliza ndidatsala ndi ndalama zosakwana ngakhale kumanga chimbudzi ndi kanyumba kogulitsira zakumwa. Mwezi ukatha banki inkadula chiwongoladzanja, makaniko ankafuna malipiro, sitima zinkazungulira zopanda munthu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kuti mumvetse chomwe chidalakwika, muyenera kudziwa momwe gemuyi imaweruzira. Ukamaliza kumanga, umayendetsa sitima yopanda anthu kuti uyese, ndipo kompyuta imakupatsa manambala atatu: chisangalalo, ukali wa ulendowo, ndi mseru womwe ungagwire okwera. Nambala yoyamba umafuna ikwere. Ziwiri zinazo umazigwira pakhosi. Ukali ukangofika pa 10, gemu imadula gawo limodzi mwa magawo anayi a chisangalalo, ndipo imadulanso ukafika pa 11, pa 12, mpaka m'tsogolo. Yanga idali itapitirira 11. Anthu ankaiopa, komanso ngakhale olimba mtima akadakwera sakadasangalala nayo.

Gwero la vutoli lidali pokhota paja. Aliyense amene adakwerapo minibasi yothamanga pa makona a msewu wa ku Golomoti akudziwa mphamvu ija imakukankhira pa mnzako kapena pa zenera. Gemu imayeza mphamvu yomweyo. Ikapitirira 2.8, ukali ndi mseru zimalumpha nthawi imodzi. Ikapitirira 3.1, theka la chisangalalo limapita. Ena mwa mankhwala ake ndi awa: kupendeketsa njanji pokhota kuti thupi la wokwera likanikizidwe pa mpando m'malo mokankhidwira kumbali, kapena kuika kona pamwamba pa chitunda pomwe sitima yatopa kale. Kona yakuthwa pansi pa chitsikitsiki, pomwe liwiro lili pachimake, ndiye yomwe idandiphera bizinesi.

Phunziro lachiwiri lidali la mtengo. Kachidutswa kalikonse ka njanji kali ndi mtengo wake, ndipo kakakwera m'mwamba mtengowo umakweranso chifukwa cha mizati yochirikiza. Kugula malo ndi ndalama. Kusalaza phiri ndi ndalama. Ngakhale kudula mtengo womwe wakutchinga kumadya ndalama. Ndiye njanji yaitali, yokwera kwambiri ndi yomwazika paki yonse imakulipiritsa katatu isanakubweretsere ngakhale khobidi.

Nditayambiranso, ndidasintha kaganizidwe. Ndidayamba ndi kudzipimira kamalo, timabokosi towerengeka m'litali ndi m'lifupi, n'kulumbira kuti sindituluka m'menemo. Siteshoni ndidaiika m'mphepete. Tcheni chokokera sitima pamwamba ndidachifupikitsa, podziwa kuti mphamvu yonse ya ulendo imachokera pa chitunda choyambacho, ndipo chitunda chilichonse chotsatira chiyenera kukhala chachifupi kuposa choyambacho, apo ayi sitima imabwerera chambuyo. Kenako m'malo mothamangitsa njanji kutali, ndidaipinda kuti izidutsa pansi pa iyo yomwe, kuzungulira mizati yake, n'kubwerera ku siteshoni.

Apa ndi pomwe gemuyi idandidabwitsa. Kupanikizana kumeneku, komwe ndinkakuona ngati umphawi, gemu imakulipira. Njanji ikadutsa pafupi ndi njanji ina, pafupi ndi kanjira ka anthu, pamwamba pa madzi, pakati pa mitengo kapena kulowa pansi pa nthaka, nambala ya chisangalalo imakwera. Nzeru yake ndi yomveka: liwiro limamveka ukamadutsa pafupi ndi chinthu. Ndege imathamanga kuposa njinga yamoto, koma mtima umagunda pa kabaza wodutsa pakati pa magalimoto. Mitengo ingapo ya mtengo wotsika yodzalidwa m'mbali mwa njanji imatha kukupatsa zomwe ukadazifuna pa chitunda china chodula.

Koma kuchepetsa kuli ndi malire ake. Mtundu uliwonse wa roller coaster uli ndi zofunika zake: kutsika kangati, kutsika kwakuya bwanji, liwiro lofika pati, ndipo ina imafunanso kutalika kwakutikwakuti. Ukaphonya chimodzi, gemu imadula manambala ako pakati. Ndidayesapo kumanga kanthu kakang'ono kwambiri pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo kadatuluka kozizira ngati phala la dzulo. Luso lili pa kupeza pomwe zofunikazo zakwanira ndendende, n'kusiyira pomwepo.

Chitsanzo chomwe osewera ambiri amachidziwa ndi Shuttle Loop, pulani yomwe imabwera yokonzeratu mu gemu yoyamba. Ilibe tcheni, ilibe njanji yozungulira paki. Sitima imaponyedwa ndi mphamvu kuchoka pa siteshoni, kulowa mu mphete yomwe imazondotsa anthu mitu pansi, kukwera kanjanji kotsetsereka mpaka mphamvu itatha, kenako kubwerera chambuyo kudzera mu mphete yomweyo. Yonse imakwana pa kamzere kopapatiza ngati mpanda, ndipo mtengo wake ndi kachigawo chabe ka chimphona changa cha matabwa chija.

Phindu lake lili pa masamu a mzere. Tiyerekeze sitima ziwiri, iliyonse yonyamula anthu 20. Ina ulendo wake ndi wa mphindi zitatu, inayo wa masekondi 45. Pomwe yoyamba ikutsitsa anthu 20, yachiwiri yanyamula kale 80. Kondakitala aliyense wa minibasi za m'tauni amadziwa zimenezi: ndalama ili pa kubwereza maulendo. Yaitali ingapikisane nayo pokhapokha utaiyendetsera sitima zingapo nthawi imodzi, ndipo mu gemu yachiwiri muli mabuleki apadera ogawa njanji m'zigawo kuti sitimazo zisawombane. Koma zonsezo ndi ndalama zina zomwe woyamba kumene alibe.

Chosangalatsa n'choti Shuttle Loop si maloto a pakompyuta. Idapangidwa ndi kampani ya Anton Schwarzkopf wa ku Germany, ndipo zoyamba zidatsegulidwa mu 1977. Imodzi mwa zimenezo idayamba ntchito ku Carowinds ku America, kenako kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 idaphwasulidwa n'kutumizidwa ku Gold Reef City ku Johannesburg, komwe idapatsidwa dzina loti Golden Loop. Abale athu a ku Joni omwe adapitako mwina adaionapo. Kampani ya Vekoma ya ku Netherlands nayo idatulutsa Boomerang mu 1984, ya nzeru yofanana ya kupita ndi kubwerera pa malo ochepa, ndipo idagulitsa zoposa 50 m'maiko osiyanasiyana. Eni mapaki enieni, omwe amalipira malo ndi zitsulo ndi ndalama zenizeni, adafika pa yankho lomwe ine ndidalipeza pamkeka.

Sawyer ankadziwa kuti phunziro lili pamenepa, n'chifukwa chake adaikamo magawo ngati Dinky Park, kapaki kopanikizika pomwe malo amatha usanayambe n'komwe, ndi Micro Park, komwe malo onse ndi ngati bwalo la pakhomo. M'magawo amenewa munthu sungathawire kutali. Umaphunzira kusanja zinthu pamwamba pa zinzake, kudutsitsa mzere wa anthu pansi pa njanji, kukwirira siteshoni pansi pa nthaka. Ndipo gemu siilola ulesi: ukamanga ziwiri za mtundu umodzi, mtengo womwe anthu amalolera kulipira umatsika, ndipo chilichonse chikamakalamba anthu amayamba kudandaula kuti chakwera mtengo. Kanthu kakang'ono kamabweza ndalama zake kasanakalambe. Chimphona chimakalamba ngongole ikadalipo.

Mwina mukufunsa kuti mtolankhani wamkuluwamkulu akutayiranji nthawi pa zoseweretsa. Mayi anga adafunsanso chimodzimodzi, ndipo sadafunse mofatsa. Koma miyezi imeneyo ndidali ndi kope momwe ndidalembamo pulani yotsegula situdiyo yojambulira mapologalamu a pa intaneti. Ndidalembamo makamera awiri, mamaikolofoni anayi, magetsi owunikira, chipinda cha lendi m'tauni ndi jenereta. Ndalama ndinkafuna kukongola ku banki m'khonde ya mayi anga omwewo, pa dzina lawo. Za anthu omwe angaonere, kapena omwe angalipire, ndidalembapo mzere umodzi wokha. Usiku uja tianthu tikubwerera pakhomo, ndidazindikira kuti kopelo lidali roller coaster ya matabwa ija, kungoti ngongole yake ikadakhala ya mayi anga pamaso pa anzawo a m'gulu.

Sindidakongole. Ndidayamba ndi foni yomwe ndidali nayo kale ndi kamaikolofoni kamodzi kopanira pa kolala. Nkhani zoyamba zidali zazifupi, zina zosaoneka bwino, koma zidatha, zidatuluka, ndipo imodzi mwa izo ndi yomwe ndidasonyeza pofunsidwa ntchito yomwe ndikugwira panoyi.

Matenda a chimphonawa si anga ndekha. Yendani m'malokeshoni athu muwerenge nyumba za zipinda zisanu zomwe zidaima pa mawindo, udzu utamera pabalaza, eni ake akadali pa lendi. Zambiri zidayamba ndi pulani yokongola ndi ndalama zokwanira maziko okha. Pafupi pomwepo mumapeza wina yemwe adayamba ndi zipinda ziwiri, kufolera, kulowa, n'kumawonjezera chaka ndi chaka. Timamuseka poyamba, koma mvula ikagwa ndiye amagona pouma.

Sindikunena kuti gemu ndi moyo. Mu gemu mtengo wa njanji lero ndi womwewo mawa, ndalama siigwa mphamvu usiku umodzi ngati momwe kwacha idagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zikakuvuta umangodina n'kuyambiranso. Munthu yemwe nyumba yake idaima chifukwa simenti idakwera mtengo kawiri sadalakwitse masamu okha. Komanso pali zinthu zomwe sizingamangidwe mwa tizidutswa: mlatho wa theka suwolotsa munthu. Koma kusakhazikika kwa zinthu komweku ndi chifukwa china choyambira ndi chomwe ungamalize msanga. Pulani ikatenga zaka zambiri, mitengo imaipeza panjira.

Masiku ano ndimaseweranso gemuyi Loweruka madzulo ntchito ikachepa. Zimphona ndimamangabe, chifukwa kunena zoona n'zokoma kuziyang'ana, koma ndimazimanga m'chaka chachitatu, ngongole itabwezedwa, ndi ndalama zomwe tating'ono tija tapanga. Sabata yatha mng'ono wanga wa Fomu 2 adandilanda laputopu n'kutsegula Forest Frontiers. Ndidamuona akukweza njanji ya matabwa mpaka kumwamba, maso ali gwa pa chitunda, osayang'anako pakona pomwe pamaoneka ndalama zotsala. Ndidatsala pang'ono kumuuza. Kenako ndidangokhala chete, n'kukateleka madzi a tiyi, kudikira kuti tianthu tija tifike pakhomo pake.