MAPIRITSI A KASHIAMU SATALIKITSA MWANA

Makolo ambiri ku Tsangano ndi ku Macanga amada nkhawa mwana akamachepa msinkhu poyerekeza ndi anzake. Ena amamva kuti mapiritsi a kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa, angamutalikitse. Kodi ndi zoona?

Akatswiri anayesa zimenezi ku Keneba m'dziko la Gambia, kumene anthu amadya kashiamu wochepa monga kuno. Ana 160 a zaka 8 mpaka 11 anawagawa pawiri. Gulu lina linkamwa mapiritsiwo kwa miyezi 12, lina ayi. Mafupa a omwa mapiritsi anakhwimirako, koma msinkhu sunasiyane.

Chodabwitsa chinalengezedwa mu 2012, anawo atakula. Anyamata amene anamwa mapiritsi anayamba kukula msanga n'kusiyanso msanga, ndipo anafupika ndi masentimita atatu ndi theka kuposa anzawo. Kwa atsikana panalibe kusiyana.

Vuto lenileni ndi kupinimbira. Kafukufuku wa boma wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu m'Mozambique ndi opinimbira. Zimayamba m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Zoyambitsa zake ndi chakudya chamtundu umodzimodzi, kutsekula m'mimba ndi malungo.

Choncho azaumoyo amalangiza bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi, kenako phala la nsinjiro, nyemba, mazira ndi masamba monga bonongwe. Kapenta wa ku Cahora Bassa ndi usipa, zosinja ndi minga yomwe, zili ndi kashiamu wambiri.

Ndalama ya mbatata kapena fodya ndi bwino igule ndiwo, ndipo mwana asaphonye sikelo.